Kodi "Indians" a m'mayina a matimu a ku America ndi Amwenye?

Bambo wina wa ku Zomba, amene mwana wake akuphunzira ku Florida State University, wafunsa kuti: "Timu ya mpira wa ku America ya pasukulu ya mwana wanga imatchedwa Seminoles, ndipo akuti masukulu ambiri a sekondale kumeneko ali ndi matimu otchedwa Indians. Kodi ndikalakwa ndikanena kuti matimuwa ali ndi mayina a Amwenye?"

Mulakwa ndithu, bambo, ngakhale kuti kulakwako sikunayambe ndi inu. Columbus atafika kutsidya kuja, ku America, mu 1492 ankayesa kuti wafika ku India, ndipo dzina losayeneralo linakakamira pa anthu amene anawapeza. Liwu lathu lakuti Mmwenye lili ndi mbiri yakeyake. Ine sindikayika kuti linachokera ku Chiswahili, m'mene mwenye ndiye mwini, monga mwenye duka, mwini sitolo. Agogo anga akati "ndikupita kwa Mmwenye" ankanena sitolo ya ku Limbe kumene ankagula mchere, palafini ndi nsalu ya biliwita, ndipo liwu lotere silingakwanire pa Mseminole wa m'madambo a ku Florida. Zimandiwawa kumva omasulira nkhani akungogwetsa liwu pa liwu osafunsa kuti munthuyo ndani.

Nenani kuti eni nthaka a ku America, ndipo pamene mukudziwa mtundu wake, utchuleni ndi dzina lake. Nkhani yonse ya matimuwa yagona pamenepo. Stanford inasiya dzina la Indians mu 1972. Mu 2005 bungwe la NCAA, loyendetsa masewera a m'mayunivesite a ku America, linaletsa mayina ndi zizindikiro zonyoza eni nthaka pa mipikisano yake, koma Florida State inaloledwa kusunga dzina lake chifukwa mtundu wa Aseminole a ku Florida unavomereza. N'chifukwa chake mpaka lero mpira usanayambe wophunzira wovala ngati Osceola, mtsogoleri wakale wa Aseminole, amalowa m'bwalo ali pa kavalo, n'kuzika mkondo woyaka moto pakati pa bwalolo. University of North Dakota sinapeze chilolezo chokwanira kwa eni nthaka otchedwa Sioux, motero mu 2012 inasiya dzina la Fighting Sioux. Nalonso liwu lakuti Sioux anachita kupatsidwa ndi anansi awo, pomwe eni ake amadzitcha Dakota kapena Lakota, monga Alomwe kuno anakana kutchedwa Anguru.

Tsono polemba musamasulire dzina la timu: Seminoles ikhale Seminoles, Indians ikhale Indians, kenako mufotokoze kuti dzinalo likunena eni nthaka.