Lendi ikukwera chifukwa nyumba n'zochepa

Achimwene, alendo ochokera kunja si amene akukweza lendi kuno ku Zomba; vuto ndi lakuti nyumba zatsopano sizikumangidwa mokwanira. Ophunzira a University of Malawi achuluka kuposa malo ogona apasukulupo, choncho ambiri amakafuna zipinda ku Chikanda ndi ku Matawale, kumene ndaonapo eni nyumba akutulutsa banja n'kuikamo mabedi osanjikiza kuti wophunzira aliyense azilipira payekha. Bungwe la boma lomanga nyumba la Malawi Housing Corporation lilipo kuyambira 1964, koma nyumba zake n'zochepa poyerekeza ndi ozifuna. Zimandipweteka tikamaloza chala alendo m'malo mopempha khonsolo kuti itsegule mapuloti okhala ndi madzi ndi misewu. Ngati mwaganiza zogula malo kuti mumange, musapereke ndalama musanaonane ndi loya komanso ofesi yoona za malo.