Zomwe mwabisira a Finanças, mwabisiranso banki

Achimwene ena a ku Ulongwe, ogulitsa simenti ndi malata, andilembera imelo. Akufuna ngongole ya nyumba chaka chamawa, ndiye akufunsa ngati kunena malonda ochepa ku msonkho kungawapweteke ku banki. Achimwene, mwaponda pachilonda.

Ine ndinkapikula kachewere ku Tsangano n'kumakagulitsa ku msika wa Kwachena mumzinda wa Tete. Ndinali pa ISPC, msonkho wa amalonda ang'onoang'ono uja unayamba mu 2009, ndipo nthawi imeneyo tinkalipira 3% ya zonse zomwe tagulitsa. Pachaka ndinkagulitsa za 1,800,000 meticais, koma ku Finanças, ofesi ya msonkho, ndinkanena 600,000. Msonkho 18,000 m'malo mwa 54,000. Ndinkadziyesa kalulu wochenjera.

Tsiku lopita ku banki kukapempha ngongole ya nyumba ndinavala jekete, dzuwa la Tete lija likuwotcha, m'manja kope langa la malonda lothimbirira ndi dothi lofiira la matumba. Mayi wa pa desikiyo kopelo sanalitsegule n'komwe. Anapempha NUIT (nambala yanga ya msonkho), malisiti a msonkho ndi mapepala a akaunti. Atawerengera pa kakyuleta anati, "Bambo, 600,000 ndi malonda, si phindu. Muchotse mtengo wa kachewere ndi lole, mudye, ndiye ngongoleyo mudzabweza ndi chiyani?" Ndinati ndimapeza zambiri kuposa pamenepo. Anangoloza siginecha yanga pa pepala la msonkho.

Akauntiyo nayo inandipereka. Ndalama zinkayenda pamanja, zina pa M-Pesa ya akazi anga, zina m'makwacha tikagulitsa kwa a Malawi. Mlamu wanga, mphunzitsi wa pulayimale, IRPS, msonkho wa zomwe munthu amapeza, amamudula pamalipiro asanawagwire n'komwe, ndipo ndinkamuseka. Iye ngongole anapeza. Banki sikongoza munthu wolemera, imakongoza munthu wooneka papepala, ndipo pamenepa sindikangana nayonso. Inu mungakongoze simenti ya nyumba yathunthu munthu amene walumbira ku boma kuti ndi wosauka?

Komanso tisaiwale, kuno nthaka ndi ya boma. Lamulo la malo la 1997 limatipatsa DUAT, ufulu wogwiritsa ntchito malowo basi, ndiye puloti yokha siikhala chikole. Chikole ndi nyumba yolembetsedwa ku Registo Predial, kaundula wa boma wa nyumba. Kakalata ka anyakwawa komwe ndinasunga m'sutikesi kanangowaseketsa.

Ndiye muchite chiyani?

Nenani malonda enieni kuyambira lero, osadikira mwezi wopempha ngongole, chifukwa amayang'ana m'mbuyo ndipo kudumpha kwadzidzidzi kumakayikitsa. Ndalama zonse zizilowa mu akaunti ya dzina lanu. Sungani malisiti a msonkho, mukatengenso kalata ya ku Autoridade Tributária, bungwe lotolera misonkho, yosonyeza kuti mulibe ngongole ya msonkho. Ine 36,000 ndinkapulumutsa pachaka ija inathera ku lendi ya nyumba ku Matundo, dera la mumzinda wa Tete, poti ngongole sindinaipeze.