Zala zikupweteka ndipo gitala sikulira bwino: vuto lili pati?

Funso: Amisiri, ndine mnyamata wa ku Mchinji ndipo ndimaimba kwaya. Mwezi watha ndinagula gitala yakale ya nsambo zachitsulo kuti ndiphunzire. Chibadwire sindinaimbepo gitala. Ndikadina nsambo zala zimapweteka zedi, mawu akenso satuluka bwino. Ndimatchuna ndi foni, koma pakangopita mphindi pang'ono yasokonekera kale. Kodi ndilibe luso, kapena anandigulitsa chakufa?

Yankho: Achimwene, za luso tiziike kaye pambali, tiyambe tayeza gitalayo. Magitala ambiri amene ophunzira amabwera nawo kuno amakhala oti ngakhale katswiri sangaimbe nyimbo ziwiri osadandaula, chifukwa nsambo zili kutali kwambiri ndi khosi.

Werengani tizitsulo topingasa pakhosi, timene timati mafureti, kuyambira kumutu mpaka mufike pa ka nambala 12. Pamenepo yang'anani mpata wa pakati pa kachitsuloko ndi nsambo yonenepa kwambiri. Uyenera kukhala pafupifupi mamilimita 2.5, ndipo kunsambo yopyapyala pafupifupi 2. Ngati mulibe rula, sanjikizani makhadi a ATM atatu. Lililonse ndi lokhuthala mamilimita 0.76, choncho atatuwo azilowa mongokwanira. Akalowa asanu n'kutsalabe mpata, ndiye kuti zala zanu zikuvutika pachabe.

Zimene zimakweza nsambo n'zitatu, ndipo mankhwala ake amasiyana. Nthawi zambiri khosi limakhala litapindika. Nsambo zachitsulo zisanu n'imodzi zimakoka ndi mphamvu yofika makilogalamu 70, usana ndi usiku, ndiye m'kati mwa khosi anaikamo ndodo yachitsulo yolimbana ndi kukokako, yotchedwa truss rod. Dinani nsambo yonenepa pa fureti yoyamba ndi pa ya nambala 14 nthawi imodzi, mnzanu ayang'ane pa ya nambala 7. Pazitsala kampata kongolowa kakhadi ka mayunitsi. Mpata ukakula kuposa apo, ndodo ija imafunika kumangako ndi Allen key. Apa ndikuchenjezeni: osapitirira kota ya mzungulo umodzi pa nthawi, ndipo ikalimba osaikakamiza. Ikathyokera m'kati, kukonza kwake kumadula kuposa gitalayo. Ngati mtima ukukayika, pitani nayo kwa wokonza, ndi ntchito ya mphindi zochepa.

Khosi likakhala lowongoka, onani kafupa koyera kamene nsambo zimatsamirapo kumimba kwa gitala. Kamazuka mukamasula nsambo. Timakapala kunsi kwake pa sandipepa woyalidwa pagalasi, kuti kapalike mofanana. Kuti nsambo zitsike milimita imodzi pa fureti 12, kafupako kachepe mamilimita awiri. Muzipala pang'onopang'ono n'kumayesa, poti mukapyoza nsambo zimayamba kukhudza mafureti n'kumalira ngati njuchi.

Choopsa n'chachitatu. Yesani kulowetsa pepala kuseri kwa thabwa limene lagwira nsambo kumimba kuja. Likalowa, guluu wayamba kusiya, ndipo masulani nsambo lero lomwe. Izi zimachitika kwambiri pa gitala yopangidwira nsambo za nayiloni imene wina anaiveka zachitsulo. Mudzaizindikira ndi khosi lotambalala komanso mutu wa mabowo awiri aatali. Nayiloni imakoka pafupifupi theka la mphamvu ya chitsulo, ndipo magitala ambiri a mtundu umenewu alibe ndodo ija. Yanu ikakhala yotero, bwezeraniponi nayiloni, zala zipumanso.

Tibwere ku zotchuna. Foni ilibe mlandu. Mapulogalamu ngati GuitarTuna amamva kudzera pa maikolofoni, ndiye amasokonezeka pakakhala wailesi kapena anthu akuyankhula. Tchunirani pachete, kapena gulani katchuna kopanira kumutu kwa gitala, kamene kamamva kunjenjemera kwa thabwa ndipo kamayendera kabatire ka CR2032. Kuyambira ku yonenepa, nsambo zikhale E, A, D, G, B, E. Onetsetsani kuti pulogalamuyo ili pa 440 Hz, muyezo umene zida zoimbira zambiri zimatsatira, apo ayi mudzasemphana ndi wa kiyibodi kutchalitchi. Nsambo ikakwera mopitirira, itsitseni kaye kenako muikweze mpaka ifike. Imagwira bwino mukafika pamalo ake mukukwera.

Gitala yogula yakale imabwera ndi nsambo zadzimbiri, ndipo zimenezo sizitchunika ngakhale mutatani. Sinthani zonse. Pemphani za 10-47 (manambalawa amasonyeza kunenepa kwa nsambo), zimene pa paketi amalemba extra light, ndi zofewa kusiyana ndi za 12-53 zimene magitala ambiri amabwera nazo. Iliyonse muikulunge maulendo awiri kapena atatu molowera kunsi, kenako muikoke pang'ono ndi chala n'kutchunanso, mpaka isiye kutsika. Mukatha kuimba muzipukuta ndi kansalu kouma, makamaka m'dzinja, ndipo musasiye gitala padzuwa kapena m'galimoto yotseka. Kutentha kwa mu Okutobala kumafewetsa guluu.

Gitala ikakonzeka zala zipwetekabe, koma pang'ono, kwa milungu iwiri kapena itatu mpaka khungu la kunsonga litakhuthala. Wengani zikhadabo za dzanja lodinira. Dinani ndi nsonga ya chala, kuseri kwenikweni kwa fureti, osati pamwamba pake. Mphindi 15 tsiku lililonse zimapindula kuposa maola atatu Loweruka lokha. Pa makodi, kutanthauza kudina nsambo zingapo nthawi imodzi, yambani ndi Em, imene imafuna zala ziwiri basi, kenako G, C ndi D. Makorasi ambiri a kwaya amayenda pa G, C ndi D pomwepo. Ya F muisiye kaye mpaka mutamasintha zinayizi osayang'ana zala.