Kodi filimu ya botolo ija ndi yonyoza?

Funso: Tili ana tinkaonera The Gods Must Be Crazy m'nyumba ya vidiyo ku Ndirande, kuseka mpaka nthiti kuwawa. Lero mwana wanga akuti filimuyi imanyoza anthu akuda. N'zoona? — Bambo wa ku Blantyre

Yankho: Bambo, mwana wanuyo waona bwino, ngakhale inenso filimuyi ndimaikonda. Jamie Uys wa ku South Africa anaitulutsa mu 1980, ndipo luso lake silobisika: botolo limodzi la Coca-Cola logwa m'ndege likudzetsa nsanje ndi ndewu pabanja la Asan, mtundu wa anthu a m'chipululu cha Kalahari. Land Rover yopanda mabuleki ija, yodzikoka yokha mpaka kulendewera mumtengo, imandiseketsabe. N!xau, wa ku Namibia, amene anasewera ngati bambo wa m'banja la Asan lija, ankatha kulankhula ngakhale ndi nkhope yokha, aliyense n'kumva.

Chimene chimandiwawa ndi wofotokoza nkhani uja. Amakamba za Asan ngati tiana tosadziwa kanthu, tokhala m'paradaiso. Chonsecho nthawi imeneyo Namibia inali m'manja mwa boma la tsankho la South Africa, Asan ambiri atalandidwa malo, ena atalembedwa usilikali wa South Africa. Filimuyi siitchulako zimenezi. Zigawenga zakuda nazonso anazionetsa ngati zitsiru. Muionerenso limodzi ndi mwanayo, mutchere khutu kwa wofotokozayo.