Funsani Tikuyankheni: Duisburg, mzinda wa zitsulo wa pa mtsinje wa Rhine

Funso: Ndimaphunzitsa jogalafe pa sekondale ina. Pa mutu wa mafakitale a ku Germany dzina la Duisburg limangotchulidwa mwachidule. Kodi ndi mzinda wotani, ndipo zikutheka bwanji kuti ukhale ndi doko lalikulu pamene uli kutali ndi nyanja? (Mphunzitsi, Dedza)

Yankho: Aphunzitsi, ophunzira anu ayambe aona kaye pa mapu pamene mtsinje wa Ruhr ukuthira mu Rhine, kumadzulo kwa Germany, m'chigawo cha North Rhine-Westphalia. Duisburg ili pamatsiriro pomwepo ndipo muli anthu pafupifupi 500,000. Ruhr inkabweretsa malasha a m'migodi ya m'chigwa chake, pamene Rhine ndi njira yopita ku Rotterdam, ku Netherlands, mtunda wa makilomita oposa 200. Pa mtunda wonsewu palibe damu lotchinga, choncho zombo zimangoyenda usana ndi usiku. N'chifukwa chake mwini mafakitale August Thyssen anamanga fakitale yake ku Bruckhausen, dera la mzindawu, yomwe inatulutsa chitsulo choyamba mu 1891, ndipo a Krupp anatsatira ku Rheinhausen, tsidya lina la mtsinje, mu 1897. Doko la Duisburg, lomwe linayambira m'dera la Ruhrort, ndi lalikulu kuposa madoko onse a pamtsinje ku Ulaya.

Lero mgodi wa malasha mulibenso. Wotsiriza mumzindawu, wa Walsum, unatsekedwa mu 2008, ndipo wotsiriza m'dziko lonse wa malasha olimba, wa ku Bottrop, mu 2018. Miyala ya chitsulo imachokera kumaiko monga Brazil ndi Canada, malasha ku Australia ndi America. Zonsezi zimatsitsidwa ku Rotterdam n'kupakiridwa m'zombo zopanda injini, chilichonse chotalika mamita 76 ndipo chimanyamula matani pafupifupi 2,800. Zombo zinayi kapena zisanu ndi chimodzi zimamangidwa pamodzi, boti la injini n'kumazikankha kumbuyo. Ulendo umodzi wa zombo zisanu ndi chimodzi umabweretsa matani ngati 16,000, katundu wodzaza malole oposa 500 a matani 30.

Popeza ndinu a jogalafe, musaiwale kuwauza kuti katswiri wojambula mapu Gerhard Mercator anakhala mu Duisburg kuyambira 1552 mpaka imfa yake mu 1594. Mapu ake a dziko lonse a 1569 anawajambulira momwemo, ndipo manda ake ali m'tchalitchi cha Salvatorkirche.

Funso: Ndinamva kuti mafakitale a kumeneko amavutika mvula ikachepa. Chilala chimakhudza bwanji chitsulo? (Wowerenga, Nsanje)

Yankho: Munamva zoona. Chombo chodzaza chimamira m'madzi pafupifupi mamita anayi. Mtsinje ukaphwera, monga zinachitikira mu 2018 ndi 2022, chombocho sichingadzazidwe. Chimapakiridwa theka kapena kucheperapo kuti chisagunde pansi. Katundu yemweyo amafuna maulendo ambiri, eni zombo amawonjezera mtengo wa madzi ochepa, ndipo madzi akatsika kwambiri maboti okankha aja amaima chifukwa amafuna madzi akuya kuposa zombo zazing'ono. Njanji ndi malole sizingakwanitse kulowa m'malo mwake. Mu 2018 kampani ya Thyssenkrupp inachepetsa chitsulo chomwe inkapanga chifukwa cha zimenezi.

Vuto lenileni lili m'ng'anjo yosungunulira chitsulo. Pamwamba pake amathira miyala ya chitsulo, miyala ya laimu ndi coke, omwe ndi malasha ootchedwa popanda mpweya kuti alimbe. Pansi amapoperamo mpweya wotentha madigiri pafupifupi 1,200. Coke amayaka n'kuchotsa okosijeni m'miyala, laimu amasonkhanitsa zinyalala, chitsulo chosungunuka n'kutuluka chili pa madigiri ngati 1,500. Tani imodzi ya chitsulo imadya miyala yokwana tani imodzi ndi theka kapena kuposerapo pang'ono, komanso coke ndi malasha pafupifupi theka la tani. Ng'anjo yotere imayaka zaka zoposa khumi osazimitsidwa. Ikazizira mosakonzekera, chitsulo ndi zinyalala zimauma m'kati mwake, ndipo kuitsegulanso kumatenga milungu kapena miyezi ndi ndalama zambiri. Ndiye katundu akayamba kuchepa padoko, akatswiri amachepetsa mpweya wopopera kuti ng'anjo idye pang'onopang'ono, bola isazime.

Inu a ku Nsanje mukudziwa kuti khoma la doko palokha silibweretsa zombo. Chimene chimasunga Duisburg ndi kuya kwa njira ya m'madzi, komwe kumayezedwa tsiku ndi tsiku pa Ruhrort, komanso pangano la maiko, la Mannheim la 1868, lolola zombo kuyenda momasuka pa Rhine.

Funso: Mwana wanga akufuna kukaphunzira uinjiniya kumeneko. Kodi mzindawu ukadali ndi tsogolo, kapena unatha ndi migodi? (Kholo, Lilongwe)

Yankho: Sunathe, koma ukulimbana. Duisburg ikadali likulu la chitsulo ku Germany, ndi mafakitale a Thyssenkrupp, HKM ndi ArcelorMittal. Komabe ntchito zakhala zikuchepa kwa zaka zambiri. Mu 1987 ogwira ntchito ku Krupp Rheinhausen anatseka milatho ndi misewu pokana kutsekedwa kwa fakitale yawo. Inatsekedwabe mu 1993, ndipo pamalopo pano pali Logport, mosungira ndi mopakira makontena. Mu 2024 Thyssenkrupp Steel inalengeza kuti ichotsa kapena kupereka kwa makampani ena ntchito 11,000 mwa 27,000. Ulova mumzindawu ndi wokwera kuposa m'madera ambiri a Germany, makamaka kumpoto, ku Marxloh, komwe kuli mabanja ambiri ochokera ku Turkey ndi mzikiti waukulu womwe unatsegulidwa mu 2008.

Kwa wophunzira uinjiniya, ife tikuona kuti ndi malo abwino ndithu. Yunivesite ya Duisburg-Essen, yomwe inapangidwa mu 2003 pophatikiza ziwiri, ili pafupi ndi mafakitale enieni. Thyssenkrupp ikumanga fakitale yochotsa okosijeni m'miyala ndi gasi, kenako ndi hydrogen, m'malo mwa coke, ndipo boma linalonjeza thandizo la mayuro pafupifupi 2 biliyoni. Nkhawa ndi yakuti hydrogen wokwanira komanso wotchipa sanapezeke. Kuyambira 2011 sitima za makontena zimabwera kuchokera ku Chongqing, ku China, mtunda wa makilomita ngati 11,000. Lendi ndi yotsikirapo poyerekeza ndi ya ku Düsseldorf, komwe kuli bwalo la ndege, ulendo wa mphindi zochepa pa sitima.

Mwanayo aphunzire Chijeremani asananyamuke, chifukwa ngakhale maphunziro ena ali m'Chingerezi, ntchito zophunzirira m'fakitale zimafuna chilankhulocho. Akafika, apite ku Landschaftspark Duisburg-Nord, fakitale ya Thyssen yomwe inatsekedwa mu 1985 n'kusandutsidwa paki. Kulowa ndi kwaulere, ndipo ng'anjo nambala 5 amaloledwa kuikwera mpaka pamwamba, mamita pafupifupi 70, n'kuona mbali zonse zomwe tafotokoza pamwambapa.