Achemwali, yambani mwafunsa pomwe adzaike jenereta

Achemwali, malo opumirako phokoso amene mukufuna kumanga pa chikondwerero cha nyimbo ndi otheka, koma musanagule ngakhale mphasa imodzi, okonza chikondwererocho akulozereni pomwe adzaike jenereta ndi komwe masipika adzayang'ane. Ine mpaka lero ndikakumbukira mtima umandiwawa.

Ifenso tinamanga zoterezi kuno ku Chikwawa mu Okutobala, nthawi ija kutentha kumapitirira madigiri 40. Chisakasa chozungulira cha bango, denga la mlaza, pansi tinathira mchenga wa mumtsinje wa Mwanza n'kuyala mphasa. M'mbali tinaika mitsuko ya madzi ndi zitenje zonyowa kuti mphepo izilowa yozizirirako. Timagetsi ta sola tinatibisa m'zikho zoboolaboola. Kasipika kamodzi kankaimba zomwe tinajambula m'bandakucha ku dambo la Elephant Marsh, mbalame, achule, mvuu chapatali, ndi ulimba chapansipansi. Anthu ankavula nsapato okha osauzidwa.

Ndiye dzuwa litangolowa, mkulu wina wa okonzawo anabwera ndi lole n'kutsitsa chijenereta cha dizilo kuseri kwenikweni kwa chisakasa chathu, ati waya wawo wafupika. Atangochiliza, utsi unayamba kulowa m'mipata ya bango, madzi m'mitsuko kumanjenjemera, mbalame zija osamvekanso. Munali agogo ena atagoneka mdzukulu pamphasa, mwana anadzuka akutsokomola ndi kulira, iwo n'kumubereka kutuluka osanena kanthu. Pothawa utsi wina anagunda mtsuko, phwaa, mphasa zonse kunyowa. Ndinathamangira mkulu uja ndikunjenjemera ndi ukali. Anandiyankha akuseweretsa foni, "Mayi, anthu alipira kudzavina, osati kudzagona." Munthu yemweyo amene anatijambula masana n'kuika pa Facebook ngati nzeru zake! Ndalama za amayi oluka mphasa zomwe analonjeza sanapereke, ndinachita kugulitsa mbuzi kuti ndiwalipire. Anthu otere amafuna luso lanu likongoletse zithunzi zawo basi.

Dziwani kuti bango ndi mphasa zimachepetsa mawu ang'onoang'ono okha, koma kugunda kwa bass kumadutsa ngati palibe chilichonse. Chothandiza ndi mtunda, komanso kukhala kumbuyo kwa masipika. Choncho mangani kutali. Komanso musatalikire kwambiri ayi, kumdima anthu sabwera, kumabwera oledzera ofuna pokodzera ndi akuba timagetsi. Ndipo kunena zoona, ambiri amene analowa mwathu analowa chifukwa tinali panjira yopita kusiteji.

Pangano lilembedwe papepala ndipo theka la ndalama mulandire musanayambe. Ngakhale pepalalo kwa anthu ngati aja ndi lachabe, bola mudziwane ndi amfumu a pamalopo komanso anyamata osamala magetsi, muwagulire madzi ozizira, ndi amene amasankha kodutsa waya.

Nsanamira mukumbire mozama chifukwa akavuluvulu a nyengo imeneyo amasasula denga. Makandulo ayi, mlaza wouma suchedwa kuyaka. Ngati malowo ali pafupi ndi Shire kapena minda ya nzimbe ya ku Nchalo, udzudzu udzakuthamangitsirani anthu ikangokwana 6, ndiye pakhomo pakhale neti. Ndipo paikidwe munthu wamkulu woyang'anira nsapato, zathu zinasowa zambiri.