Musapereke laputopuyo musanakope maimelo anu

Achimwene, mwalemba kuti mukupereka laputopu yanu kwa wokonza kuti akuikireni Windows yatsopano, ndipo mukufunsa ngati maimelo anu abwerere. Imani kaye, laputopuyo musaipereke mawa. Ndawerenga mayankho ali pamwambapa akuti maimelo sakhala m'kompyuta, amakhala pa intaneti, akakuikirani Windows yatsopano mungolowetsa pasiwedi onse abwerera, ndipo nkhongono zanga zazizira. Mawu amenewa ndi omwewo amene anandiuza mnyamata wina wokonza makompyuta ku Kamuzu Road, ku Salima, mu 2022, ndipo mpaka lero kuli azimayi ku Lifuwu amene tikakumana pamsika amandiyang'ana ngati ndinadya ndalama zawo.

Ine ndine mlembi wa gulu lathu la alimi a mpunga. Imelo ya gulu sinali ya Gmail, inali ija yokhala ndi dzina la gululo, anatitsegulira ndi anthu ena omwe ankatithandiza kale, ndipo woiika mu Outlook, pulogalamu yowerengera maimelo pa kompyuta, anaiika ngati POP. Nthawi imeneyo POP sindinkaidziwa. POP imatenga makalata ku seva, kompyuta ya pa intaneti imene imasunga maimelo, n'kuwatsitsira m'kompyuta mwanu, m'fayilo imodzi yomwe dzina lake limathera ndi pst, ndipo ngati simunasinthe kalikonse Outlook imafufuta kopi ya ku seva pakatha masiku 14. Ndiye zomwe zinali "pa intaneti" anali makalata a masabata awiri basi. Ena onse, kuyambira 2018, anali m'fayilo imodzi ija mu Documents, mu foda ya Outlook Files.

Laputopu inayamba kuvuta mu Okutobala. Mukudziwa kutentha kwa kuno mwezi umenewo, fani kumangolira usana wonse. Batire linali litafa kale, ndiye magetsi anazima ili mkati mopanga update, ndipo kuyambira pamenepo ikayaka kamangozungulira kachizindikiro kaja osalowa. Ndinanyamuka m'mawa kupita nayo kutauni, ndinagula fulashi yatsopano ya 32GB ndi ndalama zanga, ndinamupatsa mnyamatayo m'manja. Ndinamuuza katatu, mwana wanga, zithunzi ndi nyimbo zilibe kanthu, koma maimelo. Iye akuseka, "Amayi musadandaule, ndikopa zonse, komanso maimelo ali pa intaneti."

Ndinabwerera Lachisanu masana. M'shopu muja wailesi ikulira, anyamata anzake atatu atakhala pabenchi akuonera mpira pafoni. Laputopu ikuyaka bwino, yothamanga ngati yatsopano, ndinasangalala, ndinalipira K15,000 ndisanaone n'komwe. Ndinati ndiikireni Outlook ndione ndili pomwepa. Analowetsa adiresi, ine ndinalemba pasiwedi, makalata anayamba kutsika. Ndinkawerenga pansi paja, 5, 11, 19, 23. Kenaka zii. Ndinadikira, ndimaganiza kuti ndi netiweki. Ndinadina Send/Receive mpaka kasanu. Makalata 23. Kumanzere kuja kunali mafoda anga omwe ndinapanga ndekha, la Ogula, la Feteleza, la Ngongole, la Malipoti, onse kulibe. Ndinatsegula Sent Items, mbee, ngakhale kalata imodzi, chifukwa pa POP zomwe mwatumiza sizikhala ku seva ngakhale tsiku limodzi. Thukuta linatsika kumsana, manja kumanjenjemera moti mbewa ndimalephera kuigwira. Ndinati bweretsani fulashi. Tinatsegula, makalata a Word alimo, Excel alimo, zithunzi zimene ndinati zilibe kanthu zilimo zonse. Foda ya Outlook Files ilimo, koma mkati mulibe kanthu.

Ndi pamene anavomera, maso ali pansi, kuti pokopa panatuluka uthenga wakuti fayilo ina yakula kwambiri, iye anadina Skip. Anadina Skip n'kukhala chete, n'kufomata. Nambala ya foni yanga anali nayo, ndinamulembera papepala. Kuimba kwa mphindi imodzi kukanapulumutsa zonse. Fayilo yanga inali ya 6GB, fulashi inali yofomatidwa mu mtundu wotchedwa FAT32, ndipo FAT32 silandira fayilo imodzi yoposa 4GB ngakhale malo atatsala ambiri bwanji. Munthu amene walemba pachitseko kuti ndi katswiri wa makompyuta osadziwa zimenezi? Kapena ankadziwa, anangochita ulesi poti ndine mayi wachikulire wochokera kumudzi, sindidzazindikira. Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti anzake aja sanasiye n'komwe kuonera mpira, ndipo iye anamaliza ndi kunena kuti "komatu laputopu ikuyenda bwino amayi". Ndalama sanabweze. Pepani sananene.

Muone tsono chomwe chinali m'menemo. Mu Ogasiti tinagwirizana ndi wogula wina wa ku Lilongwe kuti atenge matumba 120 a makilo 50 pa K900 kilo, adzalipire kumapeto kwa Okutobala. Mgwirizano wonse unali pa imelo, iye analemba yekha kuti wavomera mtengowo. Mpunga anatenga. Tsiku lolipira litafika anatumiza pa K750, akuti ndiwo tinagwirizana. Pa makilo 6,000 kusiyana kwake ndi K900,000, ndalama za anthu omwe anapalira m'matope miyezi yonse ija, ena anali atalonjeza kale fizi kusukulu. Pamsonkhano pansi pa mtengo wa mango a tcheyamani anati amlembi tiwerengereni kalata ija. Ndinaimirira ndilibe kanthu m'manja. Ndinayesa kufotokoza za pst ndi fulashi, koma mungamufotokozere bwanji gogo amene akudikira K40,000 yake kuti fayilo inakula? Mayi wina ananena mokweza kuti mwina amlembi anagawana naye wogulayo. Ndinalira panjira yonse yobwerera kunyumba. Ndinamupempha wogula uja kuti anditumizirenso makalata athu kuchokera kwa iye, anati amafufuta akale. Bodza lenileni, koma ndikanamugwira ndi chiyani?

Sabata yotsatira ndinakwera minibasi kupita nayo ku Lilongwe kwa munthu wina amene amafufuza mafayilo ofufutika. Anandifunsa funso limodzi, mwaigwiritsa ntchito masiku angati chifomatireni? Ndinati asanu ndi atatu. Anapukusa mutu. Fayilo ikafufutika imakhala idakali pa disiki mpaka china chilembedwe pamwamba pake, ndiye mnyamata uja anali ataikapo Windows, Office, ndi mafilimu omwe sindinamupemphe. Foda ija ya Windows.old imene imatsala ukaika Windows popanda kufomata kunalibe, chifukwa anafufuta disiki yonse. Anapeza chidutswa cha pst, anachikonza ndi kapulogalamu ka Outlook komwe kotchedwa scanpst, munatuluka makalata ena a 2019 ndi 2020, ambiri mitu yokha mkati mopanda mawu. Ya Ogasiti sinatuluke. A tcheyamani anapita okha kukakhala pakhomo la wogulayo tsiku lonse, anawonjezera K300,000, zotsalazo zinapita.

Ndiye usiku uno, laputopu idakayaka, chitani izi. Mu Outlook pitani pa File, Account Settings, kenaka Account Settings kachiwiri, muone pomwe palembedwa Type. Ngati pali POP, moyo wanu wonse uli mu pst. Dinani Data Files, kenaka Open File Location, ikuonetsani pomwe ili. Tsekani Outlook kaye, tsekani ndithu, chifukwa ikakhala yotsegula fayiloyo imakana kukopeka kapena imakopeka yoonongeka. Onani kukula kwake. Ngati yapyola 4GB fulashi muifomate ikhale exFAT kapena NTFS, koma chotsanimo kaye zomwe zilimo. Mukakopa yerekezani kukula kwa ziwirizo, zifanane.

Ngati pali IMAP, makalata anu ali ku seva, pamenepo abale a pamwambapa akunena zoona. Koma fayilo yake m'kompyuta ndi ost, ndipo ost kuikopa n'kungotaya nthawi, Outlook ya pa Windows yatsopanoyo siitsegula ngati pst. Pangani pst yanu: File, Open & Export, Import/Export, Export to a file, Outlook Data File, musankhe dzina la akaunti pamwamba penipeni, muchonge Include subfolders. Ndipo yang'anani mafoda olembedwa This computer only, kawirikawiri amakhala Contacts ndi Calendar, amenewo ku seva kulibe. Musamve zoti IMAP ndi backup. Ili ngati galasi, mukafufuta kalata pafoni yafufutikanso pa laputopu, ndipo ku Gmail zomwe zili mu Trash zimachoka zokha pakatha masiku 30.

Pobwezeretsa sipavuta. Windows ikalowa, ikani pst ija mu Documents, mu Outlook pitani File, Open & Export, Open Outlook Data File, mafoda anu onse aoneka kumanzere. Koma yesani zimenezi lero pa kompyuta ya mnzanu, mutsegule makalata atatu anayi akale ndi ma attachment ake, musanalole munthu kufomata. Kopi imene simunaitsegulepo musaiwerengere. Ngati mumagwiritsa Thunderbird, pulogalamu ina ya maimelo, ndi zophweka kuposa apa, lembani %APPDATA% pamwamba pa File Explorer, kopani foda yonse ya Thunderbird pulogalamuyo ili yotseka, mukadzaikanso mudzaibwezere pomwepo, zonse zimabwera ndi maakaunti omwe.

Ine panopa zonse ndinasamutsira ku Gmail, ndipo ndikuuzani kuti inunso chitani chomwecho, mafulashiwa musawakhulupirire. Yanga ija ndinapita nayo kosindikizitsa makalata kamodzi kokha, inabwera ndi kavairasi kaja kosandutsa mafoda onse ma shortcut. Kuno kunyanja chinyezi ndi kutentha zimapha zinthu izi msanga. Ku Gmail amakupatsani 15GB yaulere, yogawana ndi Drive ndi Photos, ndiye ikadzaza makalata atsopano amasiya kulowa, muziyang'ana. Akaunti ikakhala zaka ziwiri osalowamo Google ikhoza kuifufuta. Ndipo nambala ya foni yomwe munalembetsa pa akauntiyo ikhale yomwe muli nayo m'manja, chifukwa mukalowa pa Windows yatsopano angafune kukutumizirani kodi, ndiye ngati SIM ija munataya mwatsekeredwa panja. Muthanso kutsitsa zonse ndi Google Takeout, zimabwera mu fayilo ya mbox yomwe Outlook siitsegula koma Thunderbird imatsegula mukaikamo ImportExportTools NG. Zimadya bandulo kwambiri, ine ndimachita kawiri pachaka ndikapeza Wi-Fi, ndimaika pa hadi disiki yakunja imene siituluka m'nyumba.

Anyamata okonzawa musawasiyire makina mukachokapo, ngakhale atalumbira. Ngati zomwe ndalembazi zikukuvutani, pitani nayo kwa wokonza yemweyo, koma mukhale pampando pambali pake, akope inu mukuona, pakatuluka uthenga uliwonse awerenge mokweza asanadine. Mumulipire padera ntchito yokopayo, ndi bwino kutaya K5,000. Ndipo kalata iliyonse yokhala ndi mtengo, tsiku lolipira kapena mawu akuti ndavomera, isindikizeni papepala tsiku lomwelo muike m'faelo. Ku gulu kwathu panopa a tcheyamani ndi msungichuma amalandira kopi ya kalata iliyonse yopita kwa wogula, tinalemba m'malamulo.

Jambulani pomwe palembedwa Type paja, mubise adiresi yanu, muike pano. Ndikhala maso mpaka cha m'ma 10, ndikuuzani fayilo yoti mukope.